KUPANGA, KUULUTSA NDI KUKONZA NDEGE YAING'ONO YA WAILESI

Palibe mwana wokulira m'dziko lino amene sanapangepo galimoto ya mawaya, kapena kuumba ng'ombe ya dothi, kapena kusema kanthu ndi mapesi a cimanga. Manja athu ngozolowera kutsanzira zinthu zazikulu ndi zipangizo zotola pabwalo. Koma tikafika pa ndege ambiri a ife timaima, ndi kumati zimenezo nza Azungu kapena za anthu a ndalama. M'nkhani ino ndifuna kuonetsa anzanga kuti sizitero ai. Ndege yaing'ono, yofanana ndi yeniyeni m'maonekedwe, youluka ndi mphamvu yace ndi kumvera munthu amene waima pansi, ingathe kupangidwa pa tebulo la m'kalasi. Ife a kagulu ka sayansi, tiri asanu ndi mmodzi, takhala tikucita zimenezi materemu awiri, Loweruka liri lonse masana, moyang'aniridwa ndi aphunzitsi athu a Physics. Ambiri mwationa ku bwalo la mpira ndipo mwatifunsa mafunso. Ena mwatiseka kuti tikusewera ngati ana a Sitandade 1. Tsono mayankho ace ndi awa.

Kodi ndege yotsanzira ndi ciani?

Coyamba tisiyanitse zinthu. Ambiri mwaona ma drone a mapulopela anai amene amajambula zithunzi pa maukwati. Amenewo amaimirira m'mwamba ndi mphamvu ya mapulopela okha, ndipo batire ikatha amagwa ngati mwala. Ndege imene ndikunena ine iri ndi mapiko, thupi ndi mcira monga zija zimatera ku Chileka ndi ku Lumbadzi. Iyo imauluka cifukwa cothamanga mu mpweya, ndipo mota ikazima imatsika pang'onopang'ono monga acita kabawi, kufikira itatera.

Tikati ndi yotsanzira, ndiko kuti mbali zace zonse zacepetsedwa mofanana. Ndege ya 1:12 ndi imene sentimita imodzi pa iyo ikuimira masentimita 12 pa yeniyeni, monga momwe mapu a m'buku la Geography amacepetsera dziko. Phiko, citseko, tayala, zonse zigawidwe ndi nambala imodzimodziyo. Apa ndi pamene pagona kukoma kwa nchitoyi, ndi kubvuta kwace komwe, pakuti cinthuco ciyenera kuoneka ngati ndege yeniyeni, ndipo ciyeneranso kuuluka.

Kumene zinayambira

Ndege zazing'ono zinayamba kuuluka zazikulu zisanapangidwe. Mu 1871, ku Paris, mnyamata wina dzina lace Alphonse Pénaud anaulutsa kandege koyendera mphira yopota, ndipo kanauluka mamita ngati 40 pa masekondi 11. Mu 1878 mbusa wina wa ku America anabweretsera ana ace awiri, Wilbur ndi Orville Wright, kacidole kouluka kotengera nzeru za Pénaud. Anyamatawo anasewera nako mpaka kanathyoka, napanga kao. Patapita zaka 25, pa 17 Disembala 1903, ana omwewo anaulutsa ndege yonyamula munthu ku Kitty Hawk. Ulendo woyambawo unali wa masekondi 12 ndi mamita 37, wosafika ngakhale theka la bwalo lathu la mpira.

Kuyendetsa cinthu ndi wailesi kunaonetsedwa ndi Nikola Tesla ku New York mu 1898, koma iye anayendetsa kabwato pamadzi. Ca m'ma 1937 mapasa a ku Michigan, Walter ndi William Good, anaika wailesi m'kandege kao ndipo kanamvera. Pofika mu Ogasiti 2003, nkhalamba ya zaka 77, Maynard Hill, imene maso ace anali atacita kale khungu, inapanga kandege kosaposa makilogalamu 5 kamene kanaoloka nyanja ya Atlantic kucokera ku Newfoundland kufika ku Ireland, mtunda wa makilomita oposa 3,000, pa maola pafupifupi 39 osatera. Ndani tsono anganene kuti awa ndi masewera a ana?

Kusankha ndege ndi kuwerengera miyeso

Wofuna kuyamba asathamangire ndege za nkhondo za mapiko aafupi, ngakhale zikongola pa cithunzi. Zimenezo zifuna liwiro lalikulu ndi dzanja lozolowera. Yabwino kuyambira ndi imene mapiko ace ali pamwamba pa thupi, pakuti yotere siipendekeka msanga.

Ife tinasankha ya mtundu wa Beaver, yopangidwa ku Canada ndi kampani ya de Havilland, imene inayamba kuuluka mu 1947. Tinaisankha pa zifukwa ziwiri. Coyamba, thupi lace liri ndi mbali zowongoka ngati bokosi, zosabvuta kudula. Caciwiri, ndege imeneyi iri ndi mbiri m'dziko lino. Pamene kampani ya Air Malawi, imene tsopano kulibe, inayamba nchito mu 1964, ndege zace zoyamba zinali ma DC-3 ndi ma Beaver, ndipo ma Beaver ndiwo ankatha kutera pa timabwalo ta fumbi ta m'maboma akutali.

Mapiko a Beaver yeniyeni, kucokera nsonga ina kufika inzace, ndi mamita 14.6, m'lifupi mwa phiko ndi mamita 1.6, ndipo thupi lace litalika mamita 9.2. Tikagawa zonsezi ndi 12, tipeza mapiko a masentimita 122, m'lifupi masentimita 13, ndi thupi la masentimita 77.

Pa kulemera mpofunika kucenjera. Cinthu cikacepa ka 12 m'litali, m'lifupi ndi mu msinkhu, kukula kwace konse kwacepa ka 12 kuculukitsa ndi 12 kuculukitsanso ndi 12, ndiko kuti ka 1,728. Beaver yodzaza katundu ilemera makilogalamu 2,313. Tikagawa ndi 1,728 tipeza kilogalamu imodzi ndi magalamu 340. Koma kaphiko kakang'ono koyenda pang'onopang'ono sikagwira mpweya bwino monga phiko lalikulu lothamanga, cotero ndi bwino kufuna theka lokha la kulemera kumeneku. Yathu, titaiika pa sikelo ya m'labotale, batire iri momwemo, inalemera magalamu 720. Galamu iri yonse imene mwapulumutsa pomanga mudzaiyamika pa tsiku loulutsa.

Cimene cimaulutsa ndege

Pa ndege iri yonse youluka pali mphamvu zinai zimene zimakokana. Kulemera kumaikokera pansi. Mapiko amaikankhira m'mwamba. Pulopela imaikokera kutsogolo. Ndipo mpweya umene ikuboola umaibwezera m'mbuyo. Zinaizi zikalingana, ndege iyenda mowongoka.

Kuti mumvetse nchito ya phiko, tengani cikuto colimba ca kope, mucigwire ca kutsogolo kwace kutakwera pang'ono, ndi kuthamanga naco. Mudzamva cikukankhira dzanja lanu m'mwamba. Phiko limakhotetsera mpweya pansi, ndipo mpweyawo umalibwezera m'mwamba. Msana wokhota wa phiko umathandiza kuti mpweya wopita pamwamba uthamange ndi kupanikiza pang'ono kusiyana ndi wa pansi.

Koma pali malire. Mukakweza mphuno ya ndege kopitirira, phiko likapendeka kuposa madigiri ngati 15 pa mphepo imene likukumana nayo, mpweya umaleka kutsata msana wace, umayamba kubvundukabvunduka, ndipo mphamvu yokweza imatha mwadzidzidzi. Ndege imagwetsa mphuno kapena phiko limodzi. Pa Cingerezi cimeneci amati stall, ndipo ndi cimene cimaononga tindege tambiri. Mankhwala ace ngodabwitsa: ndege ikayamba kufooka musaikokere m'mwamba monga mtima ukuuzirani, koma itsitseni mphuno kuti ipezenso liwiro.

Zipangizo

Ku maiko ena amamanga ndi mtengo wopepuka kwambiri wochedwa balsa, umene wambiri ucokera ku Ecuador. Kuno mtengowo sitiuona, koma sitiri osowa. Fomu yoyera ija amatetezera mafiriji ndi ma TV m'makatoni imatayidwa kuseri kwa masitolo, ndipo ndi yabwino pa mapiko ndi pa thupi. Mtima wa ciwale couma ngwopepuka ndi wosabvuta kusema. Ife tinapangira mizati iwiri yocirikiza mapiko. Nsungwi yong'aluza bwino ndiyo msana wa phiko. Masipoko a njinga ndiwo miyendo ya matayala. Tako la botolo la pulasitiki libvala bwino pamphuno monga cibvundikiro ca injini, ndipo mbali zace zoonekera ndizo mawindo. Malegeni odula ku cubu ca njinga amangira phiko ku thupi. Onjezani lezala wakuthwa, rula, sandipepa, guluu wa matabwa ndi tepi yomatira makatoni.

Pali zina zimene sitingathe kupanga tokha. Pafunika rimoti ya m'manja, kabokosi kolandira mau a rimotiyo, kamene timati risiva, timakina tiwiri tokoka zingwe, ma servo, kali konse kolemera magalamu 9, mota yopepuka ya mtundu wa brushless, kabokosi kolamulira liwiro la motayo, kochedwa ESC, pulopela, ndi batire ya LiPo. Mota za m'mawailesi akufa nzolemera ndipo mphamvu yace njocepa. Ife tinasonkha ndalama za m'thumba teremu yathunthu, aphunzitsi athu naonjezapo, ndipo acimwene a mmodzi wa ife, amene agwira nchito ku Johannesburg, anatigulira ndi kutitumizira pa basi. Mutu umodzi susenza denga. Dziwani tsono kuti batire tiri nayo imodzi ndi mapulopela atatu basi. Zikatha zimenezi tidzadikira miyezi. Ndi cifukwa cace mumationa tikuyang'anayang'ana kandege kathu nthawi yaitali tisanakaponye m'mwamba.

Batire ifuna mau apadera. Iri ndi zigawo zitatu, ciri conse ca mavoti 3.7, zonse pamodzi 11.1. Cigawo cikadzaza cifika pa 4.2, ndipo sicifunika kutsika kupitirira 3.3. Batire yotere ikaboledwa, ikatupa, kapena ikachajidwa ndi cochajira cosayenera, imatha kuyaka moto wobvuta kuzimitsa. Ife timachajira m'labotale mokha, iri mu mphika wa dothi wokhala ndi mcenga pansi, munthu ali pomwepo. Ku hostel, pa bedi, iai ndithu.

Kumanga

Yambani ndi kujambula ndege yonse pa pepala lalikulu, pa msinkhu wace weniweni, kuiona ca m'mbali ndi ca pamwamba. Pepalalo ndilo mudzayezerapo ciri conse.

Thupi ndi bokosi la mbali zinai za fomu, lokula kutsogolo ndi kuning'a kumcira. M'kati ikani timakoma topingasa kuti lisapindike. Kutsogolo kwenikweni matani kathabwa kopyapyala ka pulaiwudi; pamenepo mpomangira mota. Siyani kacitseko pansi kapena pamwamba kolowetsera batire.

Phiko ndilo lifuna kudekha. Dulani fomu ya masentimita 122 ndi 13, ndipo muipale ndi sandipepa kufikira pansi pakhale posalala, kutsogolo kobulungira, kumbuyo kopyapyala, ndipo pokhuthala kwambiri pakhale pa gawo limodzi la magawo atatu kucokera kutsogolo. Mbali ya kumanja ifanane ndi ya kumanzere ngati mapasa. Ina ikakhota pang'ono, ndege idzazungulira yokha. Boolani kamsewu pansi pa phiko, mugonekemo nsungwi ndi guluu. Kenaka dulani phikolo pakati ndi kulilumikizanso nsonga zace zitakwera masentimita 5 mbali iri yonse, monga mikono ya munthu wotambasula manja ca m'mwamba pang'ono, ndipo polumikizapo mulimbitse ndi kathabwa. Kukwera kumeneku kuposa kwa Beaver yeniyeni, koma ndiko kumacititsa kuti ndege ikapendekeka idziwongole yokha. Mcira nawo tinaukuza pang'ono kuposa muyeso. Munthu woima pansi sazindikira, koma ndege imakhazikika.

Mcira uli ndi mbali ziwiri, yogona ndi yoimirira. Kumbuyo kwa iri yonse kuli kacigawo kogwedezeka, kolumikizidwa ndi tepi monga citseko ca kabati. Ziwirizi zimatidwe molunjika ndithu, kuyeza ndi set square ya m'bokosi la masamu. Phiko lisamatidwe ku thupi, koma limangidwe ndi malegeni, kuti tsiku la ngozi lidumphe m'malo mothyoka.

Musanapake utoto yesani pa kacidutswa, pakuti utoto wina wopopera ndi guluu uja wouma msanga zimadya fomu ngati ciswe.

Cotsiriza, ndipo cacikulu koposa zonse, ndi kupeza pakati pa kulemera. Ikani zonse m'malo mwace, ndipo nyamulani ndege pa nsonga za zala ziwiri pansi pa phiko, masentimita 3.5 kapena 4 kucokera kutsogolo kwa phikolo. Iyenera kukhala yogona, mphuno itawerama pang'ono. Mcira ukagwa, sunthirani batire kutsogolo. Yolemera kumphuno imabvuta kukweza koma imamvera. Yolemera kumcira siimva rimoti konse, imangodumphadumpha mpaka itadzigwetsa.

Nchito ya wailesi

Marimoti a masiku ano amatumiza mau ao pa mafunde a 2.4 GHz, omwe aja a Wi-Fi ndi Bluetooth. Rimoti iri yonse imaphunzitsidwa kulankhula ndi risiva yace yokha, kotero kuti anthu awiri angathe kuulutsa pa bwalo limodzi osasokonezana. Mukakankha kamtengo ka pa rimoti, risiva imauza servo kuti itembenuke, servo ikoka kawaya, ndipo kawayako kagwedeza cigawo ca mcira.

Cigawo ca mcira woimirira ndi tsigiro, monga la ngalawa. Limakhotetsa mphuno kumanja kapena kumanzere. Ca mcira wogona cimachedwa elevator. Cikakwera, mcira utsika ndipo mphuno ikwera. Ndege zenizeni ziri ndi zigawo zinanso ku nsonga za mapiko, ma aileron, zopendeketsa ndege pokhota. Pa yathu tinangozijambula, pakuti phiko lokwera nsonga limapendekeka lokha tsigiro likakhota. Cotero tiri ndi zolamulira zitatu: mota, tsigiro ndi elevator. Kwa woyamba nzokwanira.

Pali lamulo losasintha. Yatsani rimoti poyamba, kamtengo ka mota kali pansi, ndipo kenaka lumikizani batire ya ndege. Pomaliza, cotsani batire poyamba, rimoti pambuyo. Poyesa mota pa tebulo, pulopela icotsedwe. Ndi yaing'ono, koma imaceka cala ngati mpeni. Risiva muikonzenso kuti ikasiya kumva rimoti izimitse mota yokha.

Kuulutsa kuno ku Dedza

Mabuku ambiri a nchitoyi analembedwa ndi anthu okhala pafupi ndi nyanja ya mcere, koma ife tikhala pamwamba. Boma la Dedza liri pa mamita ngati 1,600, ndipo nsonga ya phiri iri pa 2,198. Pa msinkhu wathu mpweya ngwopepuka ndi magawo pafupifupi 15 pa 100 kuyerekeza ndi wa ku Beira. Phiko lipeza mpweya wocepa wokankha, pulopela nayo ipeza wocepa wokoka. Cotero ndege yomweyo iyenera kuthamanga ndi magawo ngati 8 pa 100 kuposa ku Beira kuti isagwe, ndipo imafuna malo aatali potera. Ici ndi cifukwa cina comangira ndege yopepuka.

Nyengo nayo iri ndi mau. M'miyezi ya Juni ndi Julai mwera umaomba, nkhungu imatsika m'phiri, ndipo ndege yoyera imasowa m'maso pa kamphindi. Ndi cifukwa cace pansi pa mapiko a yathu tinapaka mizere yofiira. Cisanu cimafooketsanso batire. Timaisunga m'thumba la jekete kufikira nthawi youlutsa. Mu Okotobala masana nthaka imatentha ndipo mpweya umakwera. Onani akhwangwala ndi akabawi akuzungulira osakupiza mapiko. Mpweya wotere umatukula kandege mwadzidzidzi, ndipo akamvulumvulu amakagwetsa. Nthawi yabwino ndi mamawa dzuwa litangoturuka, kapena madzulo mphepo itagona. Ngati nthambi za bulugamu zikugwedezeka, bwererani nako ku labotale. Kumbuyo kwa mitengo yaitali ndi kwa nyumba mphepo imazungulira, kumeneko musakayandikire. Kumbukiraninso kuti malire a Mozambique ali pafupi: kandege kotengedwa ndi mphepo kangathe kukatera m'munda wa munthu ku Angónia, ndipo kukakatenga kungafune ciphaso.

Musanaulutse, mnzanu agwire ndege, inu muyende mapazi 30 ndi rimoti, muone ngati ikumvera. Onaninso kuti mukakankhira kumanja tsigiro likupita kumanja. Kunyamuka ndi kutera, zonse zicitike moyang'anana ndi mphepo. Pa udzu wa bwalo lathu timatayala timakodwa, cotero mmodzi amaiponya ndi dzanja, molunjika kutsogolo, osati m'mwamba. Ikwere pang'onopang'ono kufikira ipitirire mitengo kawiri, pakuti pamwamba pali nthawi yokonza colakwika, pamene pafupi ndi nthaka palibe. Zala ziyende pang'ono. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Cosokoneza mutu ndi pamene ndege ikubwera kwa inu, pakuti kumanja kwace kwasanduka kumanzere kwanu. Njira yace ndi iyi: kankhirani kamtengo ku mbali ya phiko limene latsika, monga mukulicirikiza ndi mzati. Potera, cepetsani mota muli kutali, isiyeni itsike yokha, ndipo ikatsala pang'ono kukhudza udzu kwezani mphuno pang'ono. Batire yathu imatipatsa mphindi 8. Timatera pa 6.

Musaulutse pamwamba pa anthu, pa msewu, pafupi ndi mawaya a magetsi, kapena pafupi ndi bwalo la ndege, ndipo ndege isacoke m'maso mwanu. Kumwamba kuli malamulo ace a Boma, ndipo aphunzitsi ndiwo ayenera kufunsa kwa oyang'anira za ndege gulu lisanayambe. Safunsa anadya phula.

Ikagwa

Walira mvula walira matope. Woulutsa ndege ayembekeze kukonza. Yathu yagwa katatu, ndipo katatu konse inaulukanso Loweruka lotsatira.

Pofika pa malo a ngozi, coyamba cotsani batire ndi kuiyang'ana. Ngati yapindika, yatupa kapena ikununkha, iikeni pa dothi poyera, kutali ndi udzu wouma, ndipo isagwirenso nchito. Caciwiri, tolani tizidutswa tonse, ngakhale kocepa ngati njere ya nyemba, pakuti fomu yothyoka imabwerera bwino m'malo mwace. Cacitatu, musanamate kanthu funsani cimene cagwetsa ndege. Kodi ndi mphepo? Kodi kawaya kasololoka? Kodi batire inasuntha nkusintha pakati pa kulemera? Kumata osapeza cifukwa ndi kukonzekera ngozi ina.

Thupi losweka lilumikizidwe ndi guluu wocepa, mutabaya timitengo ta nsungwi mbali zonse ziwiri za mng'alu, monga acita adokotala pomanga mwendo wothyoka. Phiko lothyoka msana lifuna nsungwi yatsopano yopitirira pothyokapo masentimita 10 uku ndi uku. Pouma ligone pa tebulo losalala, mabuku atalitsindira, usiku wonse. Pulopela yong'aluka siimatidwa ai. Imazungulira kambirimbiri pa mphindi imodzi, ndipo cidutswa cace cingathe kulasa diso. Itayeni. Mota ikalowa mcenga muiuzire ndi kuipukuta ndi mswaci wakale musanaizungulitse. Servo imene ikulira osasuntha, kapena ikudumpha, yathyoka mano m'kati.

Mukatha kukonza, bwererani ku sikelo ndi ku zala ziwiri zija. Guluu ndi tepi ziri ndi kulemera, ndipo popeza mcira uli kutali ndi phiko, galamu imodzi yoonjezedwa kumeneko ifuna magalamu ngati atatu kumphuno kuti zilingane. Ife tiri ndi kope lolembamo tsiku, mphepo, mphindi zimene tauluka, cimene cinathyoka ndi m'mene tinakonzera, kuti amene adzabwere pambuyo pathu asadzayambe pa ciyambi.

Phindu lace

Ena adzafunsa kuti zonsezi zipindulanji kwa munthu amene akudikira mayeso a MSCE. Yankho loyamba liri m'kalasi momwemo. Ratio, moments, density, lamulo lacitatu la Newton, zonsezi ife tazigwira ndi manja, ndipo cogwira ndi manja siciiwalika.

Yankho laciwiri liri m'dziko lathu. Mu Malichi 2016 bungwe la UNICEF ndi Boma anayesa ku Lilongwe kunyamula pa drone timapepala ta magazi ouma a makanda oti akapimidwe HIV, kuti mayankho asamacedwe pa njira. Mu Juni 2017 anatsegula ku Kasungu dera loyeserako ma drone, lofika makilomita 40 mbali zonse kucokera pa bwalo la ndege. Mu Novembala caka comweco ophunzira a Cimalawi, mothandizidwa ndi a yunivesite ya Virginia Tech, anamanga ndege ya mapiko yochedwa EcoSoar, thupi lace la fomu yopyapyala, ndipo inauluka yokha makilomita 19 kucokera pa cipatala ca Gogode kukatera ku Kasungu. Mu 2019, madzi atasefukira ku Nsanje, ma drone anajambula midzi yomizidwa kuti opereka cithandizo adziwe kopita. Ndipo mu Januwale 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, mogwirizana ndi yunivesite ya MUST ya ku Thyolo, yophunzitsa anyamata ndi atsikana a mu Africa kumanga ndi kuulutsa ndege zotere.

EcoSoar ija iri ndi phiko, mota, servo ndi batire monga kandege kathu. Tonse tidziwa midzi ya kuseri kwa mapiri ano imene m'dzinja galimoto siifika, mlatho ukakokoloka. Ndege zonyamula mankhwala zikamapita kumeneko zidzathyoka mapiko ndi kupsa mota monga ziteranso zathu, ndipo padzafunika munthu wa pafupi wodziwa kuzikonza. Ngati munthuyo sadzacokera pakati pa ife, dziko lidzalipira mlendo, kapena ndegeyo idzagona m'stolo kudikira dzimbiri monga agona makina ambiri amene tinapatsidwa.

Cotero ndipempha anzanga a Fomu 1 ndi Fomu 2 kuti abwere ku labotale Loweruka likudzali nthawi ya 2 koloko. Sitifuna ndalama, bwerani ndi fomu imene mungatole, botolo la pulasitiki ndi lezala. Tiyamba ndi tindege toponya ndi dzanja, topanda mota, kufikira yense atadziwa kupeza pakati pa kulemera. Kwa aphunzitsi athu tithokoza cifukwa ca labotale ndi nthawi yao, ndipo tipempha mwaulemu kuti kabati imodzi yokhoma ikhale yosungiramo zipangizozi pa nthawi ya holide. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Wophunzira wa Fomu 3